Manja Amene Anatsegula Sefa

Mbava zimene ndagwirapo ine zimasiya chitseko chitathyoka, magalasi ali mbwee pansi, nthawi zina mpaka nsapato imodzi pazenera. Koma iyi inasiya m'shopu muli mwaukhondo moti ndinachita kufunsa kawiri ngati sitinasochere.

"Ndi muno, Asajeni," anatero bambo amene anadzadandaula kupolisi uja. "Onani nokha manyazi a banja lathu."

Inali shopu yokonzera mawotchi, yopanikizika pakati pa saluni ndi sitolo ya nsalu. Mwini wake tauni yonse imangowatchula kuti Amawotchi. Wondiperekezayo anali mng'ono wawo, amene anagwira nawo ntchito momwemo kuyambira ali mnyamata mpaka imvi. Pakona panali sefa, chibokosi chachitsulo chofika m'chiuno, chokhala ndi kagudumu ka manambala pachitseko. Chitsekocho chinali yasa. M'kati munali thireyi yamatabwa yopanda kanthu. Mawotchi agolide a makasitomala, mphete, ndi zina zodula zimene anthu anasiya kuti zikonzedwe, zonse zinali zitapita.

Ndinagwada n'kupapasa chitsulocho. Panalibe ndi pokandika pomwe.

"Manambala amawadziwa ndani?"

"Achimwene okha. Ine zaka zonsezi sanandiuzepo. Akamatsegula ankatchinga ndi msana, ngati ndine mlendo." Anapukusa mutu mwaulemu, munthu wa tayi, wolankhula mosankha mawu. "Koma achimwenewo mutu unatha. Ngakhale dzina la malemu mkazi wawo salidziwa. Tsono watsala ndani? Mwana wawo wamkazi uja, Aphunzitsi. Makiyi a pakhomo amasunga ndi iye. Amagona nawo nyumba imodzi. Ayenera kuti anamuuza akadali bwino. Sindifuna kunamizira mwana wa m'bale wanga, koma mankhwala a bambo ake ndi odula, ndipo iye ntchito anasiya."

Ndinayenera kumufunsa mokweza, chifukwa khoma lonse linali mawotchi okhaokha, akuluakulu amatabwa aja, onse ali tiki-tiki ngati akukangana. Tili pakati polankhula, onse pamodzi anayamba kulira. Ndinadzidzimuka mpaka chipewa kugwa.

Bamboyo anayang'ana pamkono pake n'kugwedeza mutu. "Teni koloko."

Foni yanga inkati kwatsala mphindi zisanu. Ndinatukwana chamumtima kuti foni nayonso yayamba ulesi ngati mwini wake, n'kutuluka.

Pofika ine kupolisi, Bwana anali atawatsekera kale Aphunzitsi. Bwana wathuyu mlandu amaukonda ukakhala waufupi.

"Makiyi ali nawo, chifukwa ali nacho," anatero. "Mawa kukhoti. Inu Sajeni, musandiyambitsire nthano."

* * *

Aphunzitsi ndinawapeza atakhala pansi m'chitolokosi, nsana uli chilili ngati ali kutsogolo kwa kalasi. Sanalire. Sanafunse za mlandu n'komwe.

"Bambo anga adya?" Limeneli ndilo linali funso lawo loyamba.

"Ali ndi akazi a bambo anu aang'ono."

"Ndiye kuti sanadye. Mbale ikakhala kumanzere saiona. Ndipo munthu akawakweza mawu amafumbata pakamwa. Chonde, Asajeni, kawauzeni. Ine mundisunge muno mmene mungafunire, koma iwo aja masiku awiri osadya, tiwataya."

Mvula ikakuona litsiro sikata, abale. Mayi anamwalira, ntchito anasiya, bambo akudwala, lero chitolokosi. Mtima unandipweteka, koma wapolisi salipidwa kuti azimva chisoni.

"Manambala a sefa mukuwadziwa?"

"Ndikanawadziwa bwenzi nditabweza kale katundu wa anthu. Amabwera kunyumba kudzandizazira. Ndawafunsapo bambo mpaka kutopa. Amangondiyang'ana n'kunena kuti, 'Mayi, sefa yake iti?'"

"Sabata yathayi munawasiyako okha?"

"Sindiwasiya. Lamlungu lokha m'mawa ndimapita kutchalitchi, amatsala ndi bambo aang'ono. Amamvera wailesi pakhonde."

"Lamlungu lapitali munawapeza ali bwanji?"

Apa nkhope yawo inamasuka pang'ono. "N'zodabwitsa kuti mwafunsa. Ndinawapeza akuimba mluzu. Bambo anga, mluzu! Anadya n'kumaliza mbale, tsiku lonse akungomwetulira. Nditafunsa kuti chakukondweretsani n'chiyani, anati, 'Kaya, mayi, koma kwacha bwino.'"

"Kushopu munapitako liti komaliza?"

"Nthawi ya mvula ija, kukaona ngati denga likudontha. Sindinakhalitsemo. Muli zii ngati kumanda. Mawotchi onse aja anaima kalekale, poti aja amafuna kupukusa sabata ndi sabata."

Ndinaimirira msangamsanga mpaka bondo kulira.

"Mwati anaima?"

* * *

Mayi wa saluni ndi amene anali mboni ya Bwana. Ndinamupeza akuluka mutu wa kasitomala, chipeso chili pakamwa, koma chipesocho sichinamuletse kulankhula.

"Ndinamuona ndi maso angawa, Asajeni! Lamlungu, ine ndikuchapa matawulo. Eee, mwana wa mayi uja, nkhope ngati mngelo, kumachita kutsegula loko akuyang'ana uku ndi uku. Ndinati koma dziko lapita! Weramani pang'ono, asisi. Diresi lobiriwira, ambulera ili m'khwapa, madzi ali chuchuchu."

"Madzi a chiyani?"

"A mvula, nanga a chiyani?"

"Mayi, tayang'anani panja. Fumbi ili. Mvula inagwa liti komaliza?"

Manja ake anaima m'tsitsi la mwini. Kasitomala uja anatembenuza maso okha n'kunena kuti, "Papita miyezi, inu."

"Iii. Komatu ndikumuona bwinobwino m'mutu muno," anatero mayiyo, akuloza pachipumi. "Ambulera yake yamaluwa. Ndikulumbira!"

"Sindikuti mukunama. Ndani anayamba kukufunsani za nkhaniyi?"

"Bambo aang'ono aja. Anabwera Lolemba n'kuti, 'Mayi, dzulo simunamuone mwana wathu akutsegula pano?' Ine n'kuganiza, n'kuganiza, basi chithunzi n'kubwera."

"Chabwino. Iwalani za mwanayo. Lamlungu lomwelo, china chimene munaona kapena kumva?"

"Palibe. Zamasiku onse basi. Awiri aja kubwera, achimwene patsogolo, mng'ono pambuyo, kenako mawotchi kuyamba kusokosa kuseri kwa khomali. Ine ndinazolowera, sindi…"

Chipeso chinagwa pansi.

"Zamasiku onse ziti," ndinatero, "shopu ili yotseka chaka chathunthu?"

Mayi uja anakhala pansi pa mpando wa makasitomala, dzanja lili pakamwa. 

Koma mboni imene yasokoneza mvula ndi dzuwa, loya amaidya yosatafuna. Ndiponso funso lalikulu linali pomwepo. Munthu amene sadziwa kuti sefa n'chiyani angaitsegule bwanji?

* * *

Amawotchi ndinakawatenga ndekha masana kuti ndipite nawo kuchipatala. Ndinawapeza pakhonde, mbale ili kumanzere kwawo, chakudya chitazizira. Anali bambo wamtali, wowonda, wa zala zazitali zoyera bwino. Anandilonjera mwaulemu, ndipo tisanafike pa geti anandilonjeranso. M'galimoto anandilonjera kachitatu.

Adokotala awo ndi mayi wachikulire wa magalasi, wolankhula pang'onopang'ono ngati alibe odwala ena pamzere. Nditawafotokozera, anangotenga pepala ndi pensulo n'kuika patsogolo pa Amawotchi.

"Bambo, tandijambulireni wotchi. Muike manambala onse."

Amawotchi anajambula chozungulira chokhota. Kenako analemba manambala, onse kuwaunjika mbali imodzi, ena pamwamba pa anzawo. Mivi anaijambula kunja. Atatha anandiyang'ana ngati mwana wofuna kuyamikiridwa. Munthu amene anakonza mawotchi a tauni yonse! Ndinayang'ana kudenga kuti misozi ibwerere.

"Ndiye kuti ndataya nthawi," ndinatero.

"Dikirani, Asajeni. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Adokotala anavula wotchi yawo yapamkono n'kuiika m'dzanja la Amawotchi, osanena kanthu. Anawonjezera kampeni kakang'ono kotsegulira makalata.

Zimene ndinaona pamenepo, mpaka lero tsitsi limandinyerenyetsa. Zala zija zinadzuka. Zinaitembenuza wotchiyo, chikhadabo n'kupeza kampata, kampeni n'kulowa, chivundikiro n'kuti phwe. Anaiyandikitsa kukhutu, anauzira kamodzi, anakhudza kenakake m'katimo ndi nsonga ya mpeni, n'kutseka. Zonsezi nkhope ili phee, maso ngati akuyang'ana kutali.

"Mwachita chiyani pamenepo, bambo?" anafunsa Adokotala.

"Ine? Palibe, mayi. Wotchi ya ndani iyi?"

"Mulungu wanga," ndinatero. "Adokotala, izi si zamatsenga izi?"

Anaseka pang'ono. "Ndagwira ntchitoyi zaka zambiri, koma nane ndimazizwabe. Anthu amaganiza kuti kukumbukira ndi chinthu chimodzi, ngati chidebe chimene chimadzaza kapena kubooka. Ayi ndithu. Ubongo uli ngati nyumba ya zipinda zambiri." Anagwira chala pamwamba pa khutu lawo. "M'kati umu, mbali zonse ziwiri, muli kachiwalo kopindika, kosaposa chala chaching'ono ichi. Ntchito yake n'kulandira zimene zachitika lero n'kuzimanga pamodzi, nkhope, malo, mawu, kuti zikasungidwe. Matenda a bambowa amayambira pamenepo. N'chifukwa chake akulonjerani katatu. Zatsopano zilibe pogwira. Kenako matendawo amafalikira, n'kuyamba kudya mayina, manambala, ndi zakale zomwe."

"Nanga manjawa?"

"Zimene thupi lachita kambirimbiri zimasungidwa kwina, pansi penipeni pa ubongo ndi kunkhongo kuno. Kumeneko matenda amafikako mochedwa. Inuyo mungandiuze mmene mumamangira zingwe za nsapato zanuzo, osagwira?"

Ndinatsegula pakamwa. Ndinatsekanso. Zala zanga zinali zitayamba kale kugwedezeka pabondo.

"Mwaonatu. Mukawafunsa manambala, mukugogoda pachipinda chimene chinapsa. Koma dzanja likhoza kuwadziwa. Chokhacho, zoterezi zimayenda ngati nyimbo. Simungaiyambire pakati. Pamafunika malo ake, fungo lake, ndi chilichonse chimene chinkabwera patsogolo, mwa ndondomeko yake."

Ndinawauza za mluzu wa Lamlungu, ndi za mayi wa saluni uja.

"Chimwemwe chimatsala ngakhale chimene chachibweretsa chitaiwalika," anatero. "Chisoninso chimodzimodzi, ndiye muwasamale. Koma mayi wa saluniyo musamunyoze. Ifenso athanzife, tikamakumbukira sititulutsa chithunzi m'bokosi. Timachimanga chatsopano nthawi iliyonse, ndipo wina akatipatsa njerwa yolakwika timaiika momwemo osadziwa."

Ndinaganiza za mboni zonse zimene zinalumbirapo pamaso panga, misozi ili m'maso. Ndinachita mantha, ndipo sindibisa.

"Funso lomaliza, Adokotala. Kupukusa wotchi angathe. Nanga kuitchera kuti ionetse nthawi yoyenera?"

Anakweza pepala lija kuti ndilionenso. "Munthu uyu?"

* * *

Bwana anakana, anazaza, anati ndikufuna kusandutsa polisi bwalo la zisudzo. Ndinamuuza kuti zikakanika ndikapepesa ndekha kukhoti. Anavomera chifukwa chofuna kudzandiseka.

M'mawa mwake, nthawi yotsegulira mashopu, tinali pakhomo paja tonse: Bwana, ine, Amawotchi, mng'ono wawo, ndi Aphunzitsi ali pakati pa apolisi awiri. Sefa ndinali nditaitseka ndekha n'kuzunguliza kagudumu, thireyi yopanda kanthu ili m'kati.

"Izi n'kuzunza wodwala," anatero bambo aang'ono. Tayi inali yomweyo, koma thukuta linali litayamba.

"Inu ingochitani zimene munkachita masiku onse," ndinatero. "Mukaiwala, mayi wa saluni akukumbutsani. Akuti anakuonererani zaka zambiri."

Ndinaika makiyi m'dzanja la Amawotchi.

Anaima kaye pakhomo, akununkhiza fungo la mafuta ndi matabwa akale. Kenako msana uja unawongoka. Anatsegula, analowa, anavula jekete n'kuikoleka pamsomali umene ine sindinauone n'komwe, osayang'anako. Anavala chovala chawo cha ntchito. Anapisa dzanja kuseri kwa wotchi yaikulu n'kutulutsa kakiyi. Anayamba kupukusa, kuyambira ya pakhomo, imodzi ndi imodzi, phazi lililonse likudziwa poponda.

Palibe anatsokomola. Ndi Bwana yemwe anavula chipewa.

Atamaliza yomaliza, anaima pakati pa chipinda, osatembenuka.

"Nthawi ili bwanji, mphwanga?"

Zii.

"Mphwanga, nthawi?"

Anaima pomwepo, dzanja lili m'mwamba, ngati nyimbo yadukira pakati. Sakanapitirira. Ndinaona nkhope yawo ikuyamba kusokonezeka.

"Ayankheni achimwene anu," ndinatero.

Bambo aang'ono anakweza mkono. Ndisanawalole kulankhula, ndinaugwira mkonowo n'kuuika pafupi ndi foni yanga kuti Bwana aone. Kenako ndinaloza khoma.

"Bwana, foni yanga ndi yanu zikugwirizana. Wotchi ya bambowa ili patsogolo ndi mphindi zisanu. Tsopano onani khoma lonseli."

Mawotchi onse, kuyambira pakhomo mpaka pakona, anali patsogolo chimodzimodzi.

"Amaitsogoza dala," anatero Aphunzitsi chapansipansi. "Chiyambire kale. Amati safuna kuchedwa."

"Amawotchi amapukusa, mng'ono wawo amatchera mivi," ndinatero. "Sefa imabwera pambuyo pake. Inu bambo aang'ono, Lamlungu mutatenga makiyi mwanayu ali kutchalitchi, simukanafika pa sefa osadutsa pamenepa, ndiye munawatchera onse, ndi wotchi yanuyi. Chimene chikundizunguza mutu n'chimodzi. Potuluka, bwanji simunawaimitse? Phokoso lonseli?"

Bamboyo anayang'ana khoma, n'kumvetsera. Ndinaona maso ake akukula. Ndikukuuzani, munthu uja anali akuwamva koyamba. Zaka zonse zija m'phokoso lomwelo, makutu ake anali atasiya kalekale kuliwerengera.

"Mphwanga," anaitananso Amawotchi. "Nthawi."

"Eyiti koloko, achimwene." Mawu anatuluka okha.

"Eya."

Amawotchi anapita pakona, anagwada, n'kutchinga ndi msana kuti ife tisaone. Tinangomva kagudumu kakulira, uku, uko, ukunso. Munthu amene dzulo lake analephera kulemba manambala pa pepala. Chitsulo chinati khwa, chitseko n'kutseguka.

Bwana anati, "Mayo ine."

Amawotchi anatulutsa thireyi ija ndi manja awiri, mosamala ngati yadzaza. Sanaiyang'ane. Anatembenuka n'kuipereka kwa mng'ono wawo.

"Gwira bwino, mphwanga. Ndi za eni ake izi."

Bambo aang'ono anailandira. Manja awonso ankadziwa ntchito yawo. Anaima nayo pamenepo, thireyi yopanda kanthu, kenako anakhala pansi ndi tayi yawo yomwe.

"Zili kwa mlamu wanga, m'sutikesi," anatero, akulira ngati mwana. "Ndinangogulitsapo imodzi. Zaka zonsezi, Asajeni, zaka zonsezi kundionetsa msana! Ndinkati nane ndipezeko kanga."

"Kanu munakapeza," ndinatero. "Nanga mwanayu anakulakwirani chiyani?"

Apolisi aja anawasiya Aphunzitsi n'kudzutsa bamboyo. Ndinawauza kuti unyolo akamumangire panja, achimwene ake asaone.

Bwana anakanda pakhosi, anayang'ana nsapato zake, n'kuti, "Mayi, mukhoza kupita kwanu." Kupepesa kwa Bwana wathu kumathera pamenepo.

Koma Aphunzitsi sanasunthe. Ankayang'ana bambo awo. Amawotchi anali atakhala kale pa tebulo lawo la ntchito, atavala kagalasi kokuzira zinthu padiso limodzi, akusanja timasikuludiraiva mwa kukula kwake. Aphunzitsi anayandikira pang'onopang'ono, ngati akuopa kudzutsa munthu, n'kuima pambali pa tebulolo.

Amawotchi anakweza mutu. Anachotsa kagalasi kaja. Anamuyang'ana mayi wamkulu uja, wa diresi lokwinyika la m'chitolokosi, nthawi yaitali ndithu.

"Iwe," anatero. "Waweruka kale kusukulu?"

Aphunzitsi anagwira m'mphepete mwa tebulo. "Eya, ababa."

"Nanga ukulira chiyani? Akumenya?"

"Ayi, ababa."

"Wadya?"

"Sindinadye."

Amawotchi anasendera, n'kumenya ndi dzanja pa benchi pambali pawo.

"Khala apa, mwana wanga. Ndingomaliza kaye iyi, tipite limodzi."